Pulofesa timuyeze ndi zomwe zasintha m'chipinda cha namwino, osati mulu wa mapepala

Masiku apitawa pa gulu lathu la WhatsApp la anthu amene tinaphunzira limodzi ku sekondale kunabuka mkangano woopsa. Unayamba ndi chithunzi cha mapulofesa atavala mikanjo yawo ija pa mwambo wa madigiri, mnzathu wina n'kulemba pansi pake kuti anthu awa ntchito kudya ndalama za ma donor ndi kulemba mapepala oti palibe amawerenga, pomwe amayi athu akutha ndi khansa ya khomo la chiberekero ngati nkhuku za chitopa. Aaa gulu linagawanika pompo, ena kumuombera m'manja ena kumunena kuti ndi nsanje chabe poti iye sukulu inamukana. Ine ndinangoti chete tsiku limenelo koma nkhaniyi yandikhala pamtima, nde ndati ndilembe bwinobwino mbali yomwe ndaima. Kafukufuku wa khansa za amayi si masewera a anthu ophunzira ayi, ndi chimodzi mwa zinthu zochepa zomwe zapulumutsadi amayi kuno ku Africa. Komano wochita kafukufuku tisamamuyeze ndi kuchuluka kwa mapepala omwe walemba, tizimuyeza ndi zomwe zasintha m'kachipinda kaja namwino amayezeramo amayi pa chipatala chaching'ono cha kumudzi. Nde anzanga a mbali zonse ziwiri mundikwiyira, palibe kanthu.

Kuti tisamangoyankhula za mumlengalenga ndipereke chitsanzo cha munthu weniweni. Mayi Lynette Denny anali dokotala wa khansa za amayi komanso pulofesa ku University of Cape Town ndi pa chipatala cha Groote Schuur, anamwalira mu June 2024. Chapakati pa zaka za m'ma 1990 iwowa anayamba kugwira ntchito ku Khayelitsha, amene munakhalako ku Cape Town mukukudziwa, dera lalikulu la anthu akuda lodzaza nyumba za malata zija amati mikhukhu, ndipo anakakamira kumeneko pafupifupi zaka 30 akufunsa funso limodzi lomwelo, loti mayi wosauka timuteteza bwanji ku khansa imeneyi. Vuto linali lotere. Njira yomwe inachepetsa khansayi ku Ulaya ndi ku America, ya Pap smear ija, imafuna kuti atenge timaselo pakhomo la chiberekero, atumize ku labu, katswiri aone pa maikulosikopu, zotsatira zibwere patapita masabata, mayi abwerenso, akamukayikira amuunike ndi makina ena n'kudula kanyama kokayeza, adikirenso, kenako nde athandizidwe. Maulendo atatu kapena anayi. Ku London zimatheka. Kwathu kuno ulendo uliwonse umataya amayi panjira.

Ndikunena zomwe ndinaona ndi maso. Azakhali anga ena anakayezetsa pa chipatala china, anawauza kuti abwerenso pakatha mwezi adzamve zotsatira, mwezi umenewo unagwera nthawi ya kupalira, ndalama ya thiransipoti panalibe, ndipo popeza sankamva kupweteka paliponse anangoti ndidzapita tikakolola. Sanapitenso. Patadutsa zaka zingapo anayamba kutaya magazi osalekeza, kumudzi n'kumati awalodza chifukwa cha nkhani za munda, pomwe timafika nawo ku chipatala chachikulu madokotala anangotiyitanira pambali. Sanali munthu wosasamala, ankangokhala kutali basi.

Nde mayi Denny pamodzi ndi anzawo a ku Columbia University ku New York, a Thomas Wright ndi a Louise Kuhn, anati tiyeni tiyese kudula maulendowa. Anatenga amayi 6,555 a zaka zapakati pa 35 ndi 65 ku Khayelitsha n'kuwagawa m'magulu atatu mwamaere. Gulu loyamba, akapezeka ndi kachilombo ka HPV komwe kamayambitsa khansayi, amathandizidwa patangopita masiku ochepa powumitsa malo okayikitsawo ndi mpweya wozizira kwambiri, osadikira zodula kanyama. Gulu lachiwiri amatero akaona kuti pakhomo payera atapakapo viniga. Gulu lachitatu linadikira kaye. Zotsatira zinatuluka mu 2005 m'magazini ya madokotala ya JAMA, ndipo patatha miyezi 6 zilonda zoopsa zomwe zingadzasanduke khansa zinapezeka mwa amayi 0.80 pa 100 aliwonse m'gulu la HPV, 2.23 m'gulu la viniga ndi 3.55 m'gulu lodikira lija. Anawatsatirabe mpaka zaka zitatu kusiyanako kunalipobe. Umboni ngati umenewu, kuphatikiza wa ofufuza ena ku India ndi ku Zambia komwe a Groesbeck Parham ndi a Mulindi Mwanahamuntu anayambitsa pulogalamu yoyeza amayi mu 2006, ndi womwe unapatsa mphamvu bungwe la WHO kutulutsa malangizo mu 2013 oti yezani n'kuthandiza pompo. Sindikuti viniga anabwera nawo ku Malawi ndi a Denny, kuno anali atayamba kale, koma kulimba mtima koti namwino angathe kuthandiza mayi osadikira labu, ndipo zikhala bwino, kunachokera m'manambala ngati amenewa.

Tsopano tiyeni kwa otsutsa, ndipo ndiwayankha mwaulemu chifukwa ena mwa iwo ali ndi mfundo. Oyamba ndi ngati mnzanga wa chithunzi uja. Iwo amati dziko losauka ngati lathu lilibe nthawi ya kafukufuku, ndalama iliyonse ipite ku mankhwala, ku opaleshoni ndi ku makina owotcha khansa, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndipo ukawamvetsera sukuwada. Chaka chilichonse amayi oposa 4,000 m'Malawi muno amapezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero, pafupifupi 3,000 amamwalira, tili m'gulu la mayiko omwe vutoli ndi lalikulu kwambiri padziko lonse, ndipo mpaka chaposachedwapa munalibe makina a radiotherapy, owotcha khansa aja, m'dziko lonse lino, odwala amachita kudikira mwayi wotumizidwa ku Tanzania, ku Kenya kapena ku India, ambiri n'kufera pamndandanda. Munthu amene anagonekapo mayi ake pansi m'wodi sungamuuze zamapepala akumvere. Komano apa pali chinthu chomwe akuphonya. Khansa imeneyi siibwera usiku umodzi. Kuchokera pomwe HPV walowa kufika pa khansa pamadutsa zaka 15 mpaka 20 kwa mayi wa chitetezo chabwino, ndipo zaka 5 mpaka 10 kwa amene chitetezo chatsika, n'chifukwa chake amayi omwe ali ndi HIV mwayi wawo wodwala khansayi ndi wochuluka kasanu ndi kamodzi. Zaka zonsezo ndi khomo lotseguka. Makina a radiotherapy amakumana ndi mayi kumapeto kwa ulendo, pomwe ndalama zake ndi zambiri ndipo kuchira n'kokayikitsa. Akufunika ndithu, sindikukana, koma amene amakuuza kuti kwacha imodzi uyiike pati kuti ipulumutse amayi ambiri ndi wofufuza. Safunsa anadya phula paja.

Ndipereke zitsanzo ziwiri zoti aliyense amvetse kuti kafukufuku amasunga ndalama, samwaza. Katemera wa HPV atangobwera mu 2006 amabayidwa katatu, kenako kawiri. Kuno anamuyesa kaye ku Rumphi ndi ku Zomba kuyambira 2013, n'kufalikira dziko lonse mu January 2019 kwa atsikana a zaka 9, ndipo aliyense wogwira ntchito za umoyo angakuuzeni kuti kubaya koyamba n'kosavuta, mutu umapweteka pofunafuna mtsikana yemweyo kuti abayidwe kachiwiri, wasamuka, wasiya sukulu, makolo amva mphekesera. Ofufuza ku Kenya, m'kafukufuku wa KEN SHE momwe munali a Nelly Mugo ndi a Ruanne Barnabas, anaonetsa kuti kubaya kamodzi kokha kumateteza kwambiri, ndipo mu 2022 akatswiri a WHO anavomereza zobaya kamodzi. Ndiye kuti katemera yemweyo, ndalama yomweyo, atsikana owirikiza. Chitsanzo chachiwiri ndi chapakhomo pompano. Kuwumitsa kuja kumafuna masilinda a gasi, olemera, odula, ndipo gasi akatha ntchito yaima, mayi wapezeka ndi chilonda koma akuuzidwa kuti mubwere mwezi wamawa, tabwereranso ku nkhani ya azakhali anga. Ku chipatala cha Nkhoma, kuyambira cha m'ma 2013, anamwino ndi madokotala pamodzi ndi anzawo a ku Scotland anagwiritsa ntchito kachipangizo kotenthetsa m'malo mwa gasi, n'kulemba bwinobwino zomwe amapeza, ndipo mu 2019 WHO inatulutsa malangizo ovomereza njira yotenthetsayi. Akanangogwira ntchito osalemba, zikanathera pa Nkhoma pomwepo. Pepala lija mukulinyozali ndi lomwe linanyamula nzeruyo kupita nayo kwina.

Otsutsa achiwiri mawu awo ndi olemera kuposa apa. Iwo amati azungu amabwera kudzatiyesa ngati mbewa, amatenga magazi athu ndi mayina athu, amakakwezedwa pantchito kwawo, ife n'kutsala ndi tisheti ndi botolo la fanta. Musawaseke anthu amenewa, mbiri ili kumbali yawo. Mu 1951 mayi wina wakuda ku America, Henrietta Lacks, yemwenso amadwala khansa ya khomo la chiberekero yomweyi, anamutenga maselo pa chipatala cha Johns Hopkins osamupempha, maselo amenewo akugwiritsidwa ntchito m'malabu padziko lonse mpaka lero pomwe banja lake linakhala zaka zambiri osadziwa kanthu. Ku Tuskegee, ku America komweko, kuyambira 1932 mpaka 1972, amuna akuda odwala chindoko anangowayang'anira osawapatsa mankhwala kuti aone matendawo atha bwanji. Nde munthu akamakayikira sikuti ndi umbuli. Ngakhale pa kafukufuku wa ku Khayelitsha wina angafunse kuti nanga gulu lodikira lija bwanji, sikunali kusewera ndi miyoyo? Yankho lake ndi loti amayi onse, a magulu onse atatu, anaunikidwa mokwanira pa miyezi 6 ndipo opezeka ndi vuto anathandizidwa, komanso popanda gulu loyerekezera sukanadziwa ngati njira yatsopanoyo ikuthandiza kapena ikungovulaza anthu. Masiku ano kuno kafukufuku wa zaumoyo asanayambe amayenera kudutsa ku makomiti oteteza anthu olowa m'kafukufuku ngati NHSRC ndi COMREC, ndipo mayi ali ndi ufulu wokana osalandidwa chithandizo. Koma mfundo yanga yayikulu ndi iyi, mankhwala a kuberedwa si kutseka chitseko, ndi kukhala ndi ofufuza athuathu amene sathawa. A Denny anali a ku South Africa konko, ku Khayelitsha sanapiteko ngati mlendo wa masabata awiri, ndipo kwa zaka zambiri anatumikira bungwe la AORTIC lomwe limasonkhanitsa akatswiri a khansa a mu Africa. Tikakana kafukufuku yense chifukwa cha akuba, tidzakhala tikulandira malangizo opangidwira amayi a ku Sweden, komwe HIV ndi yochepa ndipo chipatala chili kuseri kwa nyumba. Chomwe tiyenera kukwiya nacho ndi choti ana athu a ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS akafuna kufufuza za khansa ya amayi athu amayenera kupempha ndalama kunja, ndipo wopereka ndalama ndi amene amasankha funso.

Pali otsutsa achitatu omwe simuwamva pa WhatsApp chifukwa ndi madokotala okhaokha, ndipo nkhawa yawo ndi yaukatswiri. Amati kuthandiza mayi osatsimikiza ndi labu ndi chithandizo cha anthu osauka, mukuwotcha amayi ena omwe analibe vuto lililonse, zoti ku Ulaya sangalole. Izi n'zoona mbali ina, njirayi imathandizadi amayi ena omwe chilonda chawo chikanatha chokha, ndipo viniga amadalira diso la namwino, wina aona kuyera wina saona. Koma tiyeni tiyike pasikelo. Mayi wothandizidwa mosafunikira amatuluka madzi kwa masabata angapo ndipo amauzidwa kuti apume kaye za m'banja pafupifupi mwezi, zomwe kunena zoona vuto lake lalikulu limakhala bambo a kunyumba osati chilondacho. Mayi wophonyedwa amadzabwera patapita zaka akununkha, ana atamuzungulira. Sikelo yake siyovuta kuwerenga. Ndipo chomwe chimandisangalatsa n'choti kafukufuku yemweyo ndi amene anaulula kufooka kwa viniga, taonaninso manambala aja, 0.80 ndi 2.23, sanabise kuti njira yotchipayo ikuperewera. Ku India a Rengaswamy Sankaranarayanan anapezanso mu 2009 kuti kuyeza HPV kamodzi kokha kunachepetsa imfa ndi pafupifupi theka. Mu 2021 WHO inanena kuti kuyeza HPV ndiko kuzikhala koyamba, ndipo ubwino wake mayi angathe kudzitenga yekha ndi kathonje osagona pabedi miyendo ili m'mwamba, chinthu chomwe chimathawitsa amayi ambiri makamaka woyezayo akakhala mwamuna wa msinkhu wa mwana wawo. Gulu la a Denny linayesanso kuyeza HPV pa makina a GeneXpert, omwe aja ali kale m'zipatala zathu zambiri chifukwa cha TB. Nde choseketsa, mayiko olemera nawonso anasiya kudalira Pap smear n'kuyamba ndi HPV, Australia ndi Netherlands mu 2017. Chithandizo cha osauka chija chili kuti pamenepa?

Tsopano ndiwatembenukire anzanga omwe amaganiza kuti ndili mbali yawo, a ku yunivesite. Pa gulu lija mmodzi anayankha mnzathuyo pomuponyera manambala, akuti pulofesa wakutiwakuti ali ndi mapepala mazanamazana ndipo anthu amutchula kambirimbiri, ngati kuti nkhani yathera pomwepo. Ayi abale. Kuwerenga mapepala n'kumene kwabweretsa matenda omwe mnzathu uja akudandaula. Munthu akadziwa kuti akwezedwa ndi chiwerengero, kafukufuku mmodzi amamuduladula ngati nyama ya pa ukwati kuti atuluke mapepala asanu, amalipira magazini achinyengo a pa intaneti omwe amasindikiza chilichonse bola ndalama, amafunsa amayi mafunso omwe aja chaka ndi chaka, kodi munamvapo za khansa, n'kupeza kuti ambiri sadziwa mokwanira, kenako wekishopu ku nyanja, alawansi m'thumba, lipoti mu kabati. Amayi omwe anayankha mafunsowo sadzamvanso kanthu. Zimenezo sindingaziteteze. A Harald zur Hausen ku Germany anakakamira zoti khansayi imayamba ndi HPV nthawi yomwe akatswiri ambiri amaloza kachilombo ka herpes, anapeza HPV 16 mu 1983 ndi HPV 18 mu 1984, mitundu iwiri yomwe imayambitsa pafupifupi 70 pa 100 ya khansa zimenezi, katemera anadzabwera patapita zaka zoposa 20 ndipo mphotho ya Nobel anailandira mu 2008. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Komiti yongowerenga mapepala a chaka chino ikanamuona ngati munthu wouma mutu. A Denny nawo analemba zambiri, boma la kwawo linawapatsa ulemu wa Order of the Baobab, mlambe weniweni, koma akanalemba theka la zimenezo dzina lawo likanalemerabe chimodzimodzi chifukwa cha funso limodzi lija lomwe analiyankha mpaka pansi.

Nde ine ndikanakhala pa komiti yokweza anthu pantchito, mafunso anga akanakhala ena. Ndi ndondomeko iti ya chipatala yomwe inasintha chifukwa cha zomwe munapeza? Mwaphunzitsa madokotala ndi anamwino angati omwe lero akutha kuchita opaleshoni ya khansa kapena kuyendetsa kafukufuku wawo popanda inu? Namwino amene anayeza amayi onsewo dzina lake lili papepalapo, kapena mwangomuthokoza pansi ndi zilembo zing'onozing'ono? Ndipo munabwererako kumudzi kuja kukauza amayi ndi amfumu, m'Chichewa kapena Chitumbuka kapena Chiyao, zomwe munapeza m'matupi mwawo? Ena adzati zimenezi n'zovuta kuyeza, manambala a mapepala ndi osavuta komanso sakondera. Zoona n'zovuta, koma zosavuta kuyeza sizikhala zofunika nthawi zonse, apo ayi bwenzi tikuyeza mlimi ndi kuchuluka kwa makasu. WHO inaika cholinga mu 2020 choti pofika 2030 atsikana 90 pa 100 akhale atabayidwa katemera asanakwane zaka 15, amayi 70 pa 100 ayezedwe ndi njira yodalirika pa zaka 35 ndi 45, ndipo 90 pa 100 opezeka ndi vuto athandizidwe. Mafunso otsala kuti tifike pamenepo ndi athu, sadzatiyankhira a WHO ku Geneva. Kodi mayi wodzitenga yekha kumudzi zotsatira zimupeza bwanji foni ikakhala ya bambo? Mtsikana wosiya sukulu timupeza kuti? Mayi wa HIV wothandizidwa chaka chino, chilonda chikabwerera tichigwira bwanji msanga? Amenewa akufuna munthu wokakamira zaka 20 pa Mangochi kapena pa Mzimba, wolipidwa ndi ndalama za boma lathu.

Mkangano pa gulu lija unatha wokha anthu atayamba za Bullets ndi Wanderers. Koma patapita masiku awiri mnzanga wa chithunzi uja anandiimbira payekha, mawu ali pansipansi, kufunsa ngati kuyeza kuja kumapweteka komanso ngati amalipiritsa, akuti akufunsira mayi a kunyumba. Ndinamuuza kuti m'zipatala za boma ndi ulere ndipo sikutenga nthawi, koma apite nawo limodzi, chifukwa namwino akadzanena za mwezi wopuma uja ndi bwino adzamve yekha ndi makutu ake.